Kalata ya Sitima, Madzi a Pilato ndi Sileti: Kumene Zining'a za Chingerezi Zonena za Ukhondo Zidachokera

Pa chipata cha Cassacatiza, pomwe msewu wochokera ku Tete umalowa m'Zambia kudzera pa Chanida, mwana wa sukulu amamva zilankhulo zitatu dzuwa lisanalowe. Chinyanja amachimva kunyumba ndi pamsika, Chipwitikizi m'kalasi ndi ku maofesi a boma, pomwe Chingerezi amachitola kwa madalaivala a malole, pa wailesi za ku Zambia ndi kwa achibale a ku Katete. Mawu amodziamodzi a Chingerezi sasautsa. Ena tidawalandira kalekale ndi kuwaveka zovala zathu: sopo, bafa, tawulo, bulashi. Pomwe mwana amapunthwa, ndi mphunzitsi yemwe, ndi pa zining'a, chifukwa chining'a sichimasuliridwa liwu ndi liwu. Zining'a za Chingerezi zonena za kusamba, kuchapa ndi kusesa zidayamba ngati zinthu zogwirika: pepala, madzi, tsache, sileti. Mphunzitsi akachidziwa chinthucho, amapeza njira yofikitsira tanthauzo kwa mwana kudzera m'Chinyanja chomwe mwanayo ali nacho kale.

Tiyambe ndi mmene Chingerezi chidafikira kuno. Pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891 lidadula dziko la Achewa pakati, ena nkukhala pansi pa Angerezi, ena pansi pa Apwitikizi. M'zaka za m'ma 1930 Undi adasamuka m'dera lino la Tete kupita tsidya la Angerezi, ndipo lero likulu lake lili ku Mkaika, m'boma la Katete, komwe anthu a ku Chifunde amapita kukachita nawo Kulamba mwezi wa Ogasiti. Pa nkhondo ya zaka 16 mabanja ambiri adathawira ku Zambia, ena nkukakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke, malo omwe adatsegulidwa mu 1987. Ana awo adaphunzira m'Chingerezi ndipo adabwera nacho kumudzi pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. Mu 1995 Mozambique idalowa m'bungwe la Commonwealth, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya 2004 idaika Chingerezi kuyambira kalasi 6. Choncho chilankhulochi chili ndi mizu yake kuno, m'mabanja ndi m'sukulu.

Chining'a choyenera malo athu kuposa zonse ndi "a clean bill of health". Lero Mngerezi amachinena pamene dokotala wapeza kuti munthu alibe vuto, kapena pamene owunika ndalama apeza kuti mabuku a kampani ali bwino. Chiyambi chake ndi pa madoko. Mliri wa makoswe utatha anthu ku Ulaya kuyambira 1347, mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik, udalamula mu 1377 kuti ochokera kumene kuli mliri ayambe abindikiritsidwa masiku 30 asanalowe. Pambuyo pake masikuwo adakhala 40, ndipo liwu la Chitaliyana lotanthauza 40 ndi lomwe lidabala "quarentena" ya Chipwitikizi. Kenaka padadza mwambo woti sitima ikamanyamuka izipatsidwa kalata yonena za matenda pa doko lomwe yachokera. Kalata yoti kulibe mliri inkatchedwa yoyera, yoti mliri uliko inkatchedwa yonyansa, ndipo sitima yoinyamula inkaimitsidwa kutali ndi gombe. Apwitikizi ankaitcha "carta de saúde". Liwu loti "bill" pano likutanthauza chikalata cha boma, silikukhudza ngongole ya magetsi kapena ya madzi. Mwana wa pa Cassacatiza savutika kumvetsa zimenezi. Adaonapo khadi lachikasu la katemera, ndipo akuluakulu ake amakumbukira mapepala a COVID-19 omwe ankafunidwa pa zipata kuyambira mu 2020. Yambirani pa khadi limenelo, chining'a chibwere pambuyo.

Chachiwiri, "to wash one's hands of something", chidachokera m'Baibulo, pa Mateyu 27:24, pomwe Pilato adasamba m'manja pamaso pa khamu pofuna kudzichotsa pa mlandu wa imfa ya Yesu. Mwambowo udalipo kale mwa Ayuda: Deuteronomo 21 imalamula akulu a mudzi kusamba m'manja munthu akapezeka ataphedwa koma womupha osadziwika. Chining'achi chidalowa m'zilankhulo zathu zonse zitatu pa khomo limodzi. Angerezi ali ndi Baibulo la King James la 1611, Apwitikizi adali ndi Chipangano Chatsopano cha João Ferreira de Almeida mu 1681 ndipo amati "lavar as mãos", pomwe ife Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922. N'chifukwa chake kholo lotopa ndi mwana wosamva limati, "Ine ndasamba m'manja." Komabe pali zoyenera kusamala. Kwathu kusamba m'manja kwa tsiku ndi tsiku ndi chiyambi cha kudyera pamodzi: mlendo akapatsidwa madzi ndiye kuti walandiridwa pa nsima. Mwana wosadziwa nkhani ya Pilato angamve chining'achi mozondoka, ngati munthu akulowa m'nkhani pamene akutulukamo. Chinanso, liwu loti kusamba, likaima palokha, ndi mawu aulemu onena za kumwezi. M'kalasi momwe muli atsikana osinkhuka, nenani mokwanira kuti kusamba m'manja kapena kusamba m'thupi, kuti phunziro lisathere m'manyazi ndi kuseka.

Chachitatu chimamveka ngati vesi, ndipo ambiri amalumbira kuti chili m'Baibulo: "cleanliness is next to godliness". M'Baibulo mulibe. Amene adachitchukitsa ndi John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, yemwe adamwalira mu 1791. Adachinena mu ulaliki wake wonena za kavalidwe, polangiza Akhristu kuti asamadzikongoletse monyanyira koma asamakhalenso auve. Patapita zaka 100 ogulitsa sopo adachitola. Kampani ya Pears idachigwiritsa ntchito potsatsa malonda, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1880 idafalitsa chithunzi cha mwana wakuda akusanduka woyera atasambitsidwa ndi sopo wake. Mbiri imeneyi mphunzitsi aidziwe, chifukwa Chinyanja nacho chili ndi msampha womwewo. Liwu loti kuyera limanena za mtundu wa ufa, za nsalu yochapidwa, komanso za Mzimu Woyera ndi oyera mtima. Liwu loti kuda limanena za mtundu wa makala, za litsiro, za mdima ndi za chidani. Pomasulira chining'achi gwiritsani ntchito ukhondo ndi uve, mawu omwe sakhudza khungu la munthu, kuti mwana asatuluke m'kalasi akuganiza kuti woyererapo khungu ali pafupi ndi Mulungu kuposa iye.

Chachinayi chimatiphunzitsa kukayikira nkhani zokoma kumva. "To throw the baby out with the bathwater" ndi kutaya chinthu cha mtengo wapatali pofuna kuchotsa choipa. Pa intaneti pamayenda nkhani yoti Angerezi akale ankasamba banja lonse m'madzi amodzi, kuyambira bambo mpaka khanda, moti madzi ankada kufikira khanda osaoneka. Nkhaniyo ilibe umboni, ndipo chining'acho sichidabadwire ku England. Ndi cha Chijeremani, ndipo chidalembedwa mu 1512 m'buku la Thomas Murner lonyodola uchitsiru wa anthu, momwe mudali chithunzi cha mayi akukhuthula beseni khanda lili momwemo. M'Chingerezi chidalowa patapita zaka zoposa 300, kudzera m'zolemba za Thomas Carlyle. Kuyambira pachiyambi chidali chithunzi chokokomeza mwadala. Makolo athu adaika nzeru yofanana nayo pa chinthu cha m'nyumba mwawo, pomwe adati khoswe wa pa mkhate sapheka. Ukamuponya mwala, uswa mkhate. Mwana akaumvetsa mwambi wathuwu, cha Chijeremanicho sichimutengera nthawi.

Zina ziwiri n'zazifupi. "A new broom sweeps clean" chili m'buku la miyambi lomwe John Heywood adasindikiza mu 1546, ndipo chimanena za munthu watsopano pa udindo yemwe amayamba ndi changu chosintha zonse. Mwambi wathu woyandikana nacho umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma ziwirizi sizifanana ndendende. Wathu umalemekeza mlendo kuti angathetse chomwe chatikanika, pomwe cha Chingerezi nthawi zambiri chimakhala ndi kachipongwe koti tsachelo lidzatha posachedwa. Kusiyana kumeneku ndi phunziro labwino kwa ana a makalasi apamwamba. "To wash one's dirty linen in public" chidalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1800, ndipo Chipwitikizi chili ndi m'bale wake, "roupa suja lava-se em casa". Kwathu kuchapira kumtsinje kapena pamjigo pamaso pa anthu si chamanyazi, ndiye chithunzi cha zovala sichigwira mwana mtima. Chomwe amachidziwa n'chakuti nkhani za m'banja zimapita kwa ankhoswe, sizilengezedwa pabwalo.

Chomaliza chimatikhudza ife eni ntchito ya maphunziro. "A clean slate" ndi kuyambiranso, zakale zonse zitafufutidwa. Sileti ndi mwala wosalala womwe ana ankalembapo m'sukulu za m'zaka za m'ma 1800, ndipo agogo ambiri kuno adaphunzirira pomwepo a, e, i, o, u m'sukulu za mishoni. Eni malo omwera mowa ku England ankalembanso ngongole za makasitomala pa sileti, nkuzifufuta munthu akalipira. Aroma akale ankalemba pa thabwa lopakidwa phula, ndipo akalisalaza ankalitcha "tabula rasa", komwe kudachokera "tábua rasa" ya Chipwitikizi. Anzeru ena a ku Ulaya adafanizira maganizo a khanda ndi thabwa lotere. John Locke, m'buku lake la 1690, adawayerekeza ndi pepala losalembedwa kanthu.

Sukulu ya atsamunda idatenga fanizo lonena za khanda nkuliika pa mwana wa zaka 7 wolankhula kale chilankhulo chake. Pangano la Portugal ndi Vatican la 1940 ndi lamulo la mishoni la 1941 zidapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, cholinga chachikulu chili kuphunzitsa Chipwitikizi. Ufulu utabwera mu 1975, Chipwitikizi chidakhalabe chokhacho chophunzitsira. Mwana wa ku Chifunde ankalowa kalasi 1 ngati wosadziwa kanthu, chonsecho mutu uli wodzaza ndi nthano, zilape, mayina a mitengo ndi miyambi. Kusintha kudayamba ndi ntchito yoyesera ya PEBIMO, yomwe INDE idayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997, ya Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete ndi ya Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adayamba kulowa m'sukulu za boma.

Mbiri ya zining'a izi ikugwirizana ndi zomwe ntchito imeneyo idaimira. Pa chilichonse mwa zisanu ndi ziwirizi, mwana wa pa Cassacatiza ali ndi poyambira: khadi la katemera, madzi a pa nsima, mkhate, kalumo, ankhoswe. Mukakumana ndi chining'a m'buku, funsani kaye anawo chinthu chomwe chatchulidwamo ndi ntchito yake kwawo. Kenaka fotokozani m'Chinyanja kumene chidachokera, ndipo muwapemphe mwambi wofanana nacho. Ngati sakuudziwa akafunse agogo, mawa abwere nawo. Lembani pa bolodi mizere itatu, wa Chinyanja, wa Chipwitikizi ndi wa Chingerezi, anawo anene okha pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana. Mzere woyambawo musaufufute pofuna malo olembapo inayo.