Limba la ku Notre-Dame ndi mibadwo imene inalimanga

Sabata ino tiyeni ticheukire mbiri ya limba lalikulu la mapaipi la m'tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, m'dziko la France.

Limbali si ntchito ya mmisiri mmodzi. François Thierry analimanga m'zaka za m'ma 1730, ndipo François-Henri Clicquot analikonzanso m'ma 1780. Koma mawu amene linatchuka nawo anachokera kwa Aristide Cavaillé-Coll, amene anatsiriza ntchito yake mu 1868. Iyeyu sanataye za makolo. Anasunga bokosi lamatabwa lakale pamodzi ndi mapaipi ena amene anawapeza, nawonjezerapo ake mpaka magulu a mawu anakwana 86.

Louis Vierne, amene sankaona bwino chibadwire, anaimba limbali kuyambira 1900, ndipo anatsirizikira pampando wake womwewo, akuimba, pa 2 Juni 1937. Pierre Cochereau, amene anayamba udindowu mu 1955, analowetsamo magetsi ndi mapaipi ena amawu akuthwa. Ena anakondwera, ena anadandaula kuti mawu a Cavaillé-Coll akukwiririka. Kodi kukonza kumalekezera pati, ndipo kusintha kumayambira pati? Ine ndikuona kuti odandaulawo anali ndi mfundo, pakuti amisiri a 1990 mpaka 1992, ngakhale anaikamo kompyuta, anabwezeretsa ena mwa mawu akalewo. Ntchito ina itatha mu 2014, limbali linali ndi magulu a mawu 115 ndi mapaipi pafupifupi 8,000.

Tsoka linagwa pa 15 Epulo 2019, Lolemba la Sabata Loyera, pamene denga la tchalitchi linapsa. Moto sunafike palimba, koma fumbi la mtovu wa padenga linalowa paliponse. Mu 2020 amisiri analiphwasula, natsuka mapaipi limodzilimodzi. Atawabwezera m'malo mwake, ankawachuna usiku, poti masana phokoso la omanga linkasokoneza khutu.

Pa 7 Disembala 2024, tsiku lotsegulanso tchalitchi, Ambuye Arkiepiskopi Laurent Ulrich anadalitsa limbali naliitana kasanu ndi katatu kuti lidzuke, ndipo nthawi iliyonse woimba ankayankha ndi nyimbo yopeka pomwepo.