Kukwecha pakati pa mapenti pokonzanso thirakitala yakale ku Dedza

Kukwecha pakati pa mapenti ndi ntchito imene mmisiri amagwira penti yoyamba ikauma, asanathire yachiwiri. Penti youma imasalala kwambiri moti ina ikabwera pamwamba imasowa pogwira. Sandipepa amasiya timikwasa tosaoneka ndi maso, ndipo m'timikwasa timeneti ndi momwe penti yatsopano imakakamira.

Pa thirakitala yakale, monga Massey Ferguson 135 yomwe inkapangidwa ku Coventry, pamakhala zitsulo zamitundu iwiri. Boneti ndi madigadi nzamalata ndipo zimafuna kusalala. Injini ndi giyabokosi nzachitsulo chokhakhala chomwe chamwa oyilo, girisi ndi dizilo kwa zaka zambiri. Apa sandipepa payekha sathandiza, amangofalitsa mafutawo. Mmisiri amayamba watsuka ndi mankhwala ochotsa girisi, kenako n'kukwecha.

Nambala ya sandipepa ikamakwera, mchenga wake umachepa ukali. Wa 80 mpaka 120 ndi wochotsera dzimbiri ndi penti yakale. Pa primer, penti yoyamba kuthira pachitsulo, yemwe nthawi zambiri amakhala red oxide, pamayenera wa 320 kapena 400. Pakati pa penti yomalizira ndi inzake ena amafika pa 600, akunyowetsa ndi madzi. Amisiri osamala amawaza kapenti kakuda pang'ono pamwamba pa primer asanakweche. Pomwe kakudako katsalira ndiye pali dzenje. M'mphepete mwa boneti dzanja liyenera kupepuka, chifukwa mpomwe chitsulo chimayamba kuonekera, ndipo poonekera paliponse pamafunanso primer.

Ku Dedza vuto lalikulu ndi chinyezi. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira kufika cha pa 10°C kapena kucheperapo. Chitsulo chokhuthala chimachedwa kufunda. Dzuwa limatha kutuluka, nkhungu n'kuyera pa Phiri la Dedza, koma giyabokosi ikadali yozizira ndipo mame osaoneka ali pamenepo. Penti ikagwera pa mame amenewa imachita mbuu, ndipo pakapita miyezi imatuluka matuza n'kuyamba kusupuka. Opanga penti amalangiza kuti chitsulo chikhale chofunda ndi 3°C kuposa mlingo umene mame amayambira, ndiponso kuti chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Choncho m'madera a ku Dedza monga Bembeke kapena Lobi ntchito yokwecha imayenera m'mawa, kuthira penti n'kudikira dzuwa litakwera. Primer wokwechedwa ndi madzi asagone panja, chifukwa amamwa madzi ndipo dzimbiri limayambira pansi pake. Mu September ndi October kumauma bwino, koma fumbi limachuluka, ndiye pansi pa shedi pamawazidwa madzi.

Kuzizira kumachedwetsanso kuuma. Penti ya enamel ikauma pamwamba pokha, yachiwiri imaifewetsa ndipo pamachita makwinya. Nthawi yolembedwa pachitini nthawi zambiri imawerengedwa pa kutentha kwa 20°C mpaka 25°C, motero ku Dedza iyenera kuwonjezeredwa. Sandipepa akamamata timibulu ta penti m'malo motulutsa fumbi, ndiye kuti sinaume.

Fumbi la penti yakale likhoza kukhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Wokwecha avale chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asasewere pafupi ndi shediyo.