Mmene Madeva ndi Maasura adavundulira nyanja ya mkaka

Sendera kuno mdzukulu wanga, foni yakoyo ubwere nayo. Dzulo ndinakumva ukukuwa kuti wapha Asura, mnzako uja akudandaula kuti Naga wamumeza. Ndinangokhala duu pampando panga, koma mtima unali utafika kale ku Limbe, pakhonde la sitolo pomwe ndinkasoka malaya ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1960. Maina amenewa ndidawamva kumeneko, mafoni kulibe, ndipo amene ankawatchula ankayamba watsitsa mawu.

Eni sitoloyo anali Amwenye achihindu ochokera ku Gujarat. Mayi wawo wokalamba, amene pakhomo ponse ankawaitana kuti Ba, ankakhala kuseri. M'mawa ndikapita kukatenga makala a simbi ndinkawapeza atakhala pansi ndi mphika wa chambiko. M'mphikamo munali ndodo yokulungidwa chingwe, iwo n'kumakoka nsonga iyi, kenako inayo, ndodo ili zunguliruzunguliru mpaka mafuta atayandama pamwamba. Tsiku lina ataona kuti ndaimirira nthawi yaitali anati, "Telala, khala pansi. Zabwino za dziko zidatuluka chonchi." Chinyanja chawo chinali chopunduka, koma nkhani inkamveka bwinobwino.

Sindiyamba ndi padangokhala, nawenso usavomere kuti tili tonse, chifukwa kwa eni ake iyi si nthano yocheza nayo pamoto. Idalembedwa m'mabuku awo opatulika, mu Mahabharata, mu Vishnu Purana ndi mu Bhagavata Purana, ndipo amaitchula kuti Samudra Manthan, kuvundula nyanja.

Kudali mkulu wina dzina lake Kashyapa, wamitala. Mwa akazi ake mudali awiri apachibale, Aditi ndi Diti. Ana a Aditi ndiwo Madeva, eni kuwala, ndipo mfumu yawo ndi Indra wa mvula ndi mphezi. Ana a Diti adakhala m'gulu la Maasura. Gwira bwino pamenepa, chifukwa masewera akowo amakubisira: awa si angelo ndi ziwanda. Ndi ana a bambo mmodzi, amayi osiyana, olimbirana ufumu wakumwamba. Aliyense amene adakulira pakhomo la mitala akudziwa mmene nkhondo yotere imatalikira.

Tsoka la Madeva lidayamba ndi maluwa. Durvasa, munthu wa mapemphero koma wa mtima wapachala, adapatsa Indra nkhata ya maluwa onunkhira. Indra adaikoleka pamutu pa njovu yake, njovuyo n'kuigwetsa pansi, kuipondaponda. Durvasa adatemberera Indra ndi abale ake onse, mphamvu zawo zidaphwa, ndipo Maasura motsogozedwa ndi mfumu yawo Bali adalanda zonse. Madeva adakagwada kwa Vishnu, wosunga dziko. Iye adati mankhwala alipo, dzina lake amrita, chakumwa choti wochimwa safanso, koma ali pansi pa nyanja ya mkaka. Kuti atuluke, nyanjayo ivundulidwe, ndipo manja a Madeva okha ndi osakwanira. Apite akapepese abale awo aja, agwirire limodzi ntchito, adzagawane.

Nyanja yonse uivundula ndi chiyani? Adazula phiri la Mandara likhale mthiko. Chingwe chidali Vasuki, mfumu ya njoka zimene amazitcha Naga, amene adavomera kukulungidwa paphiripo. Madeva adathamangira kumutu kwa njoka ngati akufunadi kumeneko. Maasura adati ayi, ife anthu olemekezeka sitingagwire kumchira ngati akapolo. Adapatsidwa mutu umene ankaufunawo. Ntchito itayamba, njoka idatopa n'kuyamba kupuma utsi ndi moto, ndipo amene ankawauka nkhope anali akumutu aja.

Asanapite patali phiri lidayamba kumira, poti pansi panalibe pokhazikika. Vishnu adasanduka kamba wamkulu, Kurma, adalowa m'madzi n'kulisenza pamsana. Kubwera kotere kwa Vishnu m'thupi lina amakutcha avatara, kutanthauza kutsika. Kafanizo kamene umasankha kuti kakuimire m'masewera akowo, komanso filimu ija ya anthu obiriwira ngati thambo imene idatuluka mu 2009, dzina lake lidachokera pamenepa.

Akafika apa Ba ankasiya kukoka chingwe. Chinthu choyamba kutuluka m'nyanja sichidali moyo. Idali poizoni yotchedwa halahala, yakuda, yotentha, yoti ikanafalikira bwenzi Madeva, Maasura, anthu, nyama ndi mitengo zonse zitatha. Amene ankalimbirana kugwira chingwe aja adabalalika. Kudali mmodzi amene sadagwire nawo chingwe ndipo sadapemphe gawo lililonse, Shiva, wokhala yekha ku phiri la Kailash, wodzola phulusa. Atamudandaulira adatapa poizoni yonseyo m'dzanja lake n'kumwa. Mkazi wake Parvati adamugwira pakhosi kuti isatsikire m'mimba. Idakhala pomwepo, khosi lidasanduka lobiriwira ngati thambo, ndipo mpaka lero amamutchula kuti Nilakantha chifukwa cha khosilo. Ine m'nkhani yonseyi malo amene amandigwira mtima ndi ano. Ndidaona m'mabanja mwathu anthu otere, mlongo amene amasenza maliro onse ndi ngongole zonse za pamtundu, pogawana katundu dzina lake osatchulidwa. Ba atanena za Shiva ndinkaona nkhope ya azakhali anga.

Poizoni itachoka, nyanja idayamba kupereka. Owerenga amati zidatuluka zamtengo wapatali 14. Idatuluka ng'ombe Kamadhenu yopatsa chilichonse chimene munthu wapempha, hatchi yoyera, mwala wonyezimira umene Vishnu amavala pachifuwa, mtengo wa maluwa osafota, ovina akumwamba otchedwa apsara, ngakhalenso mwezi. Adatuluka Lakshmi, mayi wa chuma ndi mwayi, atakhala paduwa, adayang'ana onse n'kusankha Vishnu. Pomaliza adavuuka Dhanvantari, sing'anga wa Madeva, atanyamula mtsuko wa amrita.

Ubale udathera pomwepo. Maasura adatsomphola mtsuko, n'kuyamba kukanganirana okhaokha woyamba kumwa. Mkangano uli mkati kudatulukira mkazi wokongola zedi, Mohini, amene adali Vishnu yemwe uja m'thupi lina. Maasura adamupatsa mtsuko ndi manja awo kuti awagawire mwachilungamo. Adakhazika magulu awiriwo m'mizere, n'kuyamba kumwetsa Madeva, Maasura akudikira ndi kumwetulira. Mmodzi yekha ndiye adazindikira. Adadzisintha maonekedwe n'kukakhala mumzere wa Madeva, pakati pa Dzuwa ndi Mwezi. Dontho litangofika pakhosi pake, awiriwo adamuulula, Vishnu adaponya chida chake chozungulira n'kumudula mutu. Koma amrita adali atamukhudza kale, ndiye sadafe. Mutu udatchedwa Rahu, thupi Ketu. Rahu amathamangitsabe amene adamuneneza aja, akawapeza amawameza, koma poti alibe mimba amatulukiranso pakhosi. Ndiye kadamsana ameneyo. Mu Juni 2001, dzuwa litada masana ku Zambia ndi ku Zimbabwe, kuno kwathu n'kuchita chizirezire, ndidatuluka panja ndikumukumbukira Rahu, ngakhale ndimadziwa bwino kuti ndi mwezi umene umadutsa kutsogolo kwa dzuwa.

Tsiku limene nkhani idafika pamenepa ndidalephera kudziletsa. Ndidati, "Ba, koma apa Maasura sadaberedwe? Thukuta adakhetsa limodzi, moto wa njoka udawaula iwo." Adandiyang'ana nthawi yaitali. Adati Maasura akanamwa bwenzi dziko lilibe mtendere mpaka kale, chifukwa ankafuna zonse zikhale zawo. Kenako adaonjeza kuti funso langalo si lachilendo kwawo, ndipo si Asura aliyense amene adali woipa. Bali yemwe uja amakumbukiridwa ngati mfumu yopatsa, yosabweza mawu. Ku Kerala, kummwera kwa India, anthu amachita chikondwerero cha Onam chaka ndi chaka kumulandira, pokhulupirira kuti amabwera kudzaona anthu ake. Yankho la Ba ndidalilandira, koma mtima wanga mpaka lero umati ogwira kumutu aja adalipidwa moipa.

Nditakula ndidadzawerenga chinthu chimene chidandidabwitsa. Ku Persia wakale, kumene lero ndi Iran, mawu omwewa adatembenuka. Kumeneko Ahura, mawu apachibale ndi Asura, ndi dzina laulemu, Mulungu wawo wamkulu ndi Ahura Mazda, pamene madaeva ndiwo mizimu yoipa. Anthu a zilankhulo zapachibale, wolemekezeka wa uyu ndi mdani wa winayo.

Mainawa adayenda ndi amalonda ndi aphunzitsi a chipembedzo. Abuda adawatenga n'kunena kuti kubadwa ngati Asura ndi imodzi mwa njira 6 zimene wamoyo angabadwirenso, malo a iwo amene nsanje ndi ndewu zidawadya. Atafika ku Japan dzinalo lidakhala Ashura, ndipo ku kachisi wa Kofukuji mumzinda wa Nara kuli fano lake la m'chaka cha 734, la nkhope zitatu ndi mikono isanu ndi umodzi, nkhope yake ngati ya mnyamata wodandaula. Ku Cambodia, pakhoma la Angkor Wat, kachisi amene mfumu Suryavarman II idamanga m'zaka za m'ma 1100, adasema kuvundula konse kuja pamwala wotalika pafupifupi mamita 50, mbali iyi Madeva, mbali iyo Maasura, njoka pakati. Wokwera ndege pabwalo la Suvarnabhumi ku Bangkok amakumana ndi chosema cha nkhani yomweyi. Garuda, chimbalame chimene Vishnu amakwera, mdani wa njoka, ndi chizindikiro cha dziko la Indonesia, ndipo ndege za dzikolo zimatchedwa dzina lomwelo.

Za Naga amene adameza mnzako uja, umuuze kuti kwawo si chilombo chongoyenera kuphedwa. Amasunga madzi ndi chuma cha pansi pa nthaka. Abuda amasimba kuti mkuntho utagwa Buddha ali pakusinkhasinkha, mfumu ya Naga, Mucalinda, idamuzinga ndi thupi lake n'kumufunditsa mutu wake ngati ambulera. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Mekong amalemekeza Naga mpaka lero. Ife amene tidakula tikumva akuluakulu akusimba za Napolo wa ku Zomba wa mu 1946 sitivutika kumvetsa kuti njoka ya pansi pa phiri ndi madzi satchulidwa mwachibwana.

Ngakhale mtsuko uja sudaiwalike. Amakhulupirira kuti polimbirana paja madontho adagwera malo anayi, ku Prayagraj, Haridwar, Nashik ndi Ujjain. Kumeneko kumachitika msonkhano wa Kumbh Mela, ndipo kumbh ndiye mtsuko. Pamalo aliwonse waukulu umabwera pakatha zaka pafupifupi 12, ndipo wa ku Prayagraj kumayambiriro kwa 2025 kudasonkhana anthu mamiliyoni ochuluka kukasamba m'mtsinje.

Sindikukuletsa kusewera. Opanga masewerawo adaona kuti chitsimechi n'chakuya, adatungamo, ndipo ena adatunga mwaluso. Chimene chimandiwawa n'choti amakupatsa dzina lopanda mwini, ngati wina atatenga chilombo cha Gule Wamkulu n'kuchiika m'foni kuti ana a kutsidya kwa nyanja azichiwombera, osadziwa dambwe, osadziwa maliro amene chimavinira.

Banja la Ba lidasamukira ku Leicester ku Britain m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene Amwenye ambiri adachoka m'dziko muno, ndipo sindidawaonenso. Koma anzawo alipo. Chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, ukadzaona timiuni tambirimbiri tikuyaka m'makomo mwawo ku Limbe ndi ku Blantyre, imeneyo ndi Diwali, akulandira Lakshmi yemwe adatuluka m'nyanja uja. Ukadzapeza wokalamba wina atakhala pakhonde, udzapereke moni mwaulemu, udzafunse za Vasuki, ndipo udzabwere undiuze pamene ine ndaiwala.