Mmene Ntchito Yochotsa Chipale Chofewa Poimika Magalimoto Yasinthira

M'zaka za m'ma 1800, anthu a m'madera ozizira a ku North America sankavutika n'kuchotsa chipale chofewa m'misewu. Ankangochitsendera ndi zigubu zikuluzikulu zokokedwa ndi akavalo kuti zileyi ziziyenda bwino pamwamba pake. Mizinda itayamba kukula, zimenezi zinasintha. Mu 1862 mzinda wa Milwaukee unayamba kupala misewu ndi pulawo ya akavalo, ndipo chipale chimene chinakwirira New York mu Malichi 1888 chinaonetsa poyera kuti mafosholo ndi ngolo sizingathe ntchitoyi.

Galimoto itabwera, chipale chinasanduka mdani weniweni chifukwa matayala amafuna msewu wouma. Mu 1925 Arthur Sicard wa ku Montreal anapanga makina omeza chipale n'kuchilavulira kutali. Boma la New Hampshire nalo linayamba kuwaza mchere m'misewu yake m'nyengo yozizira ya 1941 mpaka 1942.

Zonsezi zinali za pamsewu, pomwe chitsulo chopendekeka cha pulawo chimangoponyera chipale m'mbali. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, kunabwera vuto lina: masitolo akuluakulu ozunguliridwa ndi mabwalo oimikapo magalimoto, monga Southdale Center imene inatsegulidwa ku Minnesota mu 1956. Pabwalo lotakasuka chonchi, m'mbali muli kutali.

Poyamba ntchitoyi inagwera eni magalimoto ang'onoang'ono. Dean Fisher wa ku Maine anayamba kupanga mapulawo omangirira kutsogolo kwa Jeep mu 1948. Woyendetsa ankayambira pakati pa bwalo, n'kumapita uku ndi uku ngati mlimi wolima ndi ng'ombe, ulendo uliwonse akukankhira mzera wa chipale chakunja. Koma mzerawo unkanka nulemera, ndipo china chinkataikira pomwe wapala kale. Pakhomo la sitolo, pomwe sangakankhire kutsogolo, ankafika pafupi ndi khoma, kutsitsa chitsulo, n'kukoka chipalecho chobwerera m'mbuyo. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Kusintha kwakukulu kunadza m'ma 1990, pamene kampani ya Pro-Tech ya ku Rochester inayamba kugulitsa chitsulo chokhala ndi mapiko mbali zonse ziwiri, chomangirira ku makina onyamulira dothi. Mapikowo amatchinga chipale kuti chisathawire m'mbali, motero woyendetsa amachikankha chonse mowongoka mpaka pamulu.

Masiku ano odziwa ntchitoyi amayendera bwalo chipale chisanagwe kuti asankhiretu poika muluwo. Amafuna malo otsika, pafupi ndi ngalande, chifukwa mulu wa kumtunda ukasungunuka masana madzi ake amayenderera pabwalo n'kuundana usiku, anthu n'kumaterereka. Malo akasowa, chipale chimatutidwa pa malole, monga amachitira ku Montreal komwe china amakachitaya m'dzenje lakale lokumbamo miyala la Francon. Makina okankha anapezeka kalekale, koma pokaika chipalecho ndiye pamene pakudyabe ndalama chaka ndi chaka.