Kodi Maina Amalemba Ndani? Mbiri ya Kasankhidwe ka Oimira Zipani m'Malaŵi

Njanji yochokera ku Blantyre idafika kunyanja m'chaka cha 1935, ndipo kuyambira pamenepo Chipoka adasanduka malo okumanirapo sitima ya pamtunda ndi sitima ya pamadzi. Amene adagwirako ganyu pa dokoli amadziŵa chinthu chimene ambirife timachiiŵala tikamakamba za ndale: wotsitsa katundu sasankha katundu. Zimene adalonga ku Limbe ndizo zimene mudzatsitse pa Chipoka. Mungathe kuyambira thumba ili kapena ilo, koma chimene sichidakwezedwe simungachitsitse. Pepala loponyera voti nalonso lili choncho. Pa tsiku la chisankho munthu amachonga dzina limodzi mwa maina amene waŵapeza atalembedwa kale. Tsono funso lathu nali: kodi mainawo amalemba ndani, ndipo mphamvu yolembayo adaitenga liti?

Funsoli si la Amalaŵi okha ai. M'chaka cha 1911 katswiri wina wa ku Germany, Robert Michels, atafufuza bwino chipani cha anthu apantchito cha kwao, chimene chinkalalika kufanana kwa anthu onse, adapeza kuti m'kati mwake chinkalamulidwa ndi anthu oŵerengeka: osunga mabuku, osunga thumba, ndi oitanitsa misonkhano. Iye adaganiza kuti gulu lililonse lalikulu limathera pomwepo. Ku America nakonso akuluakulu a chipani ndiwo ankatchula woimira chipani pa mpando wa Pulezidenti. Mu 1968 chipani cha Democratic chidasankha Hubert Humphrey pa msonkhano wa ku Chicago, chonsecho iye anali asanapikisaneko pa chisankho chachipulula nchimodzi chomwe, ndipo kunja kwa holo apolisi ankamenyana ndi achinyamata okwiya. Manyazi a chaka chimenecho ndiwo adasinthitsa malamulo, kotero kuti kuyambira 1972 anthu wamba adayamba kukhala ndi mau aakulu, ndipo mu 1976 Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Georgia amene akuluakulu a ku Washington sankamuŵerengera, adapambana. Njira yaoyo ili ndi nthenda yake, ndiyo ndalama. Komabe ikutiphunzitsa kuti khomo la chipani lingathe kutsekulidwa.

Tisanafike pa zipani zathu, tiyambe takumbukira mmene makolo ankachitira. Pakati pa Acheŵa ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja muno, mfumu ikamwalira, ufumu unkatsata kuchikazi, ndipo amai akuluakulu a mbumba ndiwo ankakhala pansi kuyeza abale ndi ana a alongo a malemuyo. Tisadzinamize kuti chimenechi chinali chisankho cha anthu onse. Nachonso chinkachitikira kuseri. Koma osankhawo adamuwona mwanayo akukula, ankadziŵa ngati ngwoumira kapena ngwaukali, ndipo iwo omwe ndiwo ankadzakhala pansi pa ulamuliro wake. Mfumu yakale inkatha kunena za kumtima kwake, koma mau otsiriza sanali ake. Ndipo munthu woonetsa dyera la mpando ankamukayikira. Zipani zathu zidatengera kuseriko, zina zonsezi nkuzisiya.

Zidayambira kunyanja komwe kuno, kumpoto. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha Nyasaland African Congress chinali chofooka ndi chogaŵikana, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitakhazikitsidwa kale mu 1953. A Henry Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene adaloŵa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, anali anyamata a zaka zosakwana makumi atatu, ndipo adazindikira kuti mafumu ndi madoda a m'midzi sangatsate mwana. Adafuna munthu wamkulu, wophunzira, wosadetsedwa ndi mikangano ya pano. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho msonkhano wa ku Nkhata Bay udaŵasankha kukhala mtsogoleri wa Congress, nuŵapatsanso mphamvu yodzisankhira okha akuluakulu ena a chipani.

Mfundo yachiŵiriyi, imene nthumwi zidaivomera mosavuta, ndiyo gwero la mbiri yonse yotsatira. Sindikunena kuti nthumwizo zinali zopusa. Zinali pa nkhondo, ndipo bwato likakhala pa namondwe anthu sachita mtsutso wa yemwe agwire nkhafi yakumbuyo. Cholakwika chinali chakuti palibe amene adanena tsiku limene mphamvuyo idzabwerere kwa eni ake. Kuyambira pa Nkhata Bay, mpando sunkachokeranso pansi kukwera kumwamba. Unkatsika kuchokera kumwamba. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu Seputembala 1964, anyamata omwe aja adapezeka ali kunja kwa boma. A Chipembere adakamwalirira ku America mu 1975, ndipo a Chiume adakhala ku Tanzania mpaka 1994.

Achinyamata a lero amaganiza kuti nthaŵi ya chipani chimodzi kunalibe zisankho. Zinaliko ndithu, ndipo nkofunika kudziŵa mmene zinkayendera. Mu 1971, chaka chimene Dr Banda adakhala Pulezidenti wa Muyaya, mipando inalipo 60. Misonkhano ya chipani m'maboma inkatchula maina angapo pa dera lililonse, mainawo nkupita kwa Ngwazi, iwo nkuloza limodzi, ndipo wolozedwayo ankangoloŵa popanda wopikisana naye. Mu 1976 zidateronso. Munthu wa pa Chipoka ankasunga khadi la chipani kuti aloledwe kuloŵa mumsika kapena kukwera basi, koma phungu wake ankangomumvera pa wailesi. Mu 1978 zinthu zidasinthako: mwa madera 87, m'madera 47 mudaima anthu aŵiri kapena kuposerapo, onse a chipani cha Malawi Congress, m'madera 33 mudaima mmodzimmodzi, ndipo madera 7 adatsala opanda phungu chifukwa ofuna mipandoyo adalephera mayeso a Chingerezi. Kukopa anthu kunali koletsedwa. Chodabwitsa nchakuti ngakhale khomo lidangotsekulidwa pang'ono chotero, aphungu ambiri akale adagwa, ndipo zidachitikanso pa zisankho za 1983 ndi 1987. Anthu osauka, osaloledwa kuyankhula, atapatsidwa maina aŵiri okha, adagwiritsa ntchito bwino lomwe kampata kameneko. Amene amati Mmalaŵi wa kumudzi sadziŵa kusankha, ayambe waŵerenga mbiri imeneyi.

Pa mpando waukulu pokha panalibe kampata. Malamulo a nthaŵiyo ankati Pulezidenti akamwalira, Mlembi Wamkulu wa chipani pamodzi ndi nduna ziŵiri ndiwo agwirizire dziko. Motero mpando wa Mlembi Wamkulu udasanduka mpando wa moto. A Albert Muwalo adanyongedwa mu 1977. A Bakili Muluzi adausiya mu 1982. A Dick Matenje, amene adaŵaloŵa m'malo, adaphedwa mu Meyi 1983 ku Thambani m'boma la Mwanza pamodzi ndi a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, ndipo dziko lidauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa 1994 adapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu wa amene ankaganiziridwa kuti adalamula udatha mu Disembala 1995 bwalo litaŵapeza osalakwa. M'dziko limene nkhani ya woloŵa m'malo siloledwa kukambidwa masana, imakambidwa usiku, ndipo mtengo wake ndi umenewu.

Kalata ya Aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene nyali idapambana tambala wakuda, ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, zidabweretsa ufulu woyambitsa zipani. Koma ambiri mwa oyambitsawo adakulira m'nyumba imodzi yomwe ija, ndipo mwana amamanga nyumba monga adaonera kwa bambo wake. Tidachoka pa chipani chimodzi chokhala ndi mwini wake, nkufika pa zipani zambiri, chilichonse ndi mwini wake.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha United Democratic Front. Pa 4 Julaye 2002 Nyumba ya Malamulo idakana kuchotsa malire a zaka za Pulezidenti. Ovomera adalipo 125, pamene ofunika anali 128. Mavoti atatu okha! Ataona kuti njira yatsekeka, a Muluzi mu 2003 adaloza a Bingu wa Mutharika, munthu amene pa chisankho cha 1999 adaima ndi chipani chake cha United Party osapeza ndi voti imodzi yomwe mwa mavoti zana alionse. Msonkhano waukulu udangodza kudzaombera m'manja zimene zidatha kale. Akuluakulu amene adavutika nacho chipanicho adatuluka: a Aleke Banda adapita kwina, ndipo a Justin Malewezi, Wachiŵiri kwa Pulezidenti, adaima paokha mu 2004. Apa mlendo adasankhidwa osati chifukwa cha kalumo kake, koma poyembekeza kuti munthu wopanda mizu m'chipani adzamvera womuikayo. Chiyembekezocho sichidakhalitse. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika adatuluka nakayambitsa Democratic Progressive Party, ndipo chipani chimene chidapambana chisankho chidadzuka m'maŵa chili kotsutsa. Mphamvu yoloza munthu ilipo, koma mphamvu yomusunga m'dzanja atakhala kale pampando palibe adaipezapo.

Phunzirolo silidamveke. Mu Disembala 2010 DPP idachotsa mai Joyce Banda, Wachiŵiri kwa Pulezidenti, pa nkhani yokana kuvomereza a Peter Mutharika kukhala odzaimira chipani mu 2014; a Bingu atamwalira mu Epulo 2012, malamulo a dziko adapereka mpando kwa wochotsedwayo. Mu 2018 a Saulos Chilima, nawonso Wachiŵiri kwa Pulezidenti, adatuluka msonkhano waukulu usanachitike nakayambitsa UTM. Ku MCP mkangano wa a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo udafika poti mu 2000 chipani chimodzi chidachititsa misonkhano ikuluikulu iŵiri, wina ku Blantyre wina ku Lilongwe, mpaka nkhani idakathera ku makhoti. Atambala aŵiri salira m'khola limodzi. Komabe chilungamo chifuna kuti titchule Ogasiti 2013, pamene pa msonkhano wa chipani chomwecho padaima anthu ambiri, mmodzi mwa iwo a Felix Jumbe a kuno ku Salima, ndipo nthumwi zidasankha Dr Lazarus Chakwera, amene anali atangotula pansi utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God. Umenewo unali mpikisano weniweni, ndipo udaukitsa chipani chimene ambiri ankachiyesa chakufa. Koma a Jumbe ndi mai Jessie Kabwila, amene onse adapambana mipando ya ku Salima mu 2014, pofika 2019 anali kunja kwa chipanicho atasemphana ndi utsogoleri, ngakhale mai Kabwila adabwereranso pambuyo pake.

Kunsi kuno, pa mipando ya aphungu, kuli chimene timachitcha chisankho chachipulula, ndipo nchoyenera kuchiyang'anitsitsa chifukwa ndipo pokha pamene munthu wa kumudzi amakhudzako cholembera. Kaŵirikaŵiri ovota si mamembala onse, koma nthumwi za makomiti a m'madera, ndipo mkangano umayambira pa kaundula wa makomitiwo: wina amati alipo makumi asanu, wina amati zana, ena mwa iwo obadwa dzulo. Nthumwizo zimasonkhana pa bwalo la sukulu, opikisana nkuima kutsogolo, aliyense nkukandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, kenaka nkuŵerenga mitu. Njirayi njotchipa ndipo imaoneka yoyera, pakuti zonse zili poyera. Koma taganizani mnyamata wokoka khoka, amene mwini khokayo waima potero akumuyang'ana; kapena mai wogulitsa usipa amene adakongola ndalama kwa mkazi wa wopikisana. Kodi mzere umene aimapowo ngwa mtima wao? Chinsinsi cha voti, chimene tidachimenyera nkhondo mu 1993, sichidaloŵebe mokwanira m'zipani.

Anthu ali nayo njira yao yoyankhira. Wogwetsedwa mwachinyengo pa chipulula amaima payekha, ndipo anthu amamuvotera. Mu 2014, mwa mipando 193, oima paokha adatenga 52, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 adatenga 55. Ambiri a iwo akangopambana amabwerera ku chipani chomwe chidaŵakana, kapena amapita ku chipani cholamula. Anthu a kumwera kwa Salima amaidziŵa bwino nkhani ya kusinthasintha kumeneku, pakuti a Uladi Mussa, phungu wao wa zaka zambiri, adayenda kuchoka ku UDF kupita ku DPP, nayambitsa chipani chao cha Maravi People's Party, naloŵa People's Party, nabwereranso ku DPP, mpaka dzina loti Chenjigolo lidaŵakhala. Timaseka, koma ovota adaŵatsata pa maulendo angapo mwa ameneŵa, kusonyeza kuti kwa iwo munthu ndiye anali wao, pamene chipani chinali cha eni ake akutali.

Chigamulo cha bwalo cha pa 3 Febuluwale 2020, chakuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka, chidakakamiza zipani kugwirizana, ndipo potero chidaonjeza chipinda china chamkati: atsogoleri aŵiri kapena atatu amapangana okha za yemwe atsogole, monga zidachitikira ndi mgwirizano wa Tonse, mamembala nkumangomva mphekesera za zimene zidalembedwa. Mu Ogasiti 2024 MCP ndi DPP zidachititsa misonkhano yao ikuluikulu. Mipando ina yambiri adailimbirana kwambiri, ndipo akuluakulu ena adagwa. Pa mpando wa mtsogoleri, Dr Chakwera adadutsa popanda wopikisana nao, a Peter Mutharika chimodzimodzi, ndipo aŵiriŵa ndiwo adagaŵana mavoti ochuluka pa 16 Seputembala 2025, a Mutharika napambana.