Dziko Loopa Mulungu, Dziko la Chikhristu: Mawu Amene Timakangana Nawo

Wandale akakwera pa nsanja kuno kwathu, kaya ndi pa Njamba ku Blantyre kaya pa Masintha ku Lilongwe, sachedwa kunena kuti Malawi ndi dziko loopa Mulungu. Anthu amaomba m'manja, abusa amagwedeza mutu, nawonso a shehe amavomereza. Mukangodutsa Mchinji n'kulowa mu Chipata mudzamva mawu ena ofananako: Zambia ndi dziko la Chikhristu. Ambiri amayesa kuti ziganizo ziwirizi n'chimodzimodzi, koma zimasiyana kutali. Choyambacho n'chizolowezi cha pakamwa, ndipo Mkhristu, Msilamu ngakhale wothira nsembe kwa Chisumphi angathe kuchinena osadzimva mlendo. Chachiwiricho chimatchula chipembedzo chimodzi ndi dzina, chinalembedwa m'malamulo aakulu a dziko, ndipo tsiku limene chinayamba likudziwika.

Tsikulo ndi 29 Disembala 1991. Frederick Chiluba, patangopita miyezi iwiri chigonjetsereni Kenneth Kaunda pachisankho, anaimirira ku nyumba ya boma ku Lusaka n'kulengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Mipingo yambiri ya Chipentekosite inakondwera kwambiri. Koma maepiskopi a Katolika ndi atsogoleri a mabungwe aakulu a mipingo anadandaula kuti nkhani yaikulu chotere yalengezedwa anthu asanafunsidwe. M'chaka cha 1996 mawuwo analowa m'ndime yotsegulira malamulo aakulu a dzikolo, pamodzi ndi lonjezo lakuti munthu aliyense adzakhalabe ndi ufulu wopembedza monga afunira. Edgar Lungu anawonjezerapo: mu 2015 anakhazikitsa 18 Okotobala kukhala tsiku la mapemphero a dziko lonse, ndipo mu 2016 anatsegula unduna woona za chipembedzo, umene Hakainde Hichilema anauthetsa mu 2021.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa mbiri imeneyi n'chakuti kusintha malamulo kwa 1996 kunabweretsanso lamulo lina, lakuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a ku Zambia. Aliyense ankadziwa amene lamulolo linkamusaka. Makolo a Kaunda anachokera ku Nyasaland. Bambo ake, David Kaunda, anali mlaliki ndi mphunzitsi wa mishoni ya Livingstonia amene anakagwira ntchito ya Mulungu ku Chinsali. Choncho m'chaka chimene dziko linadzilemba kuti ndi la Chikhristu, linatsekeranso khomo mwana wa munthu amene anathandiza kufikitsa Chikhristucho kumpoto kwa dzikolo, mwana amene analamulira Zambia zaka 27. Ubale wa mwa Khristu sunamuteteze. Funso linali lakuti kodi ndi nzika yeniyeni, ndipo linayankhidwa poyang'ana kumene makolo ake anabadwira.

Apa ndi pamene mawu atatu amene timawasakaniza tsiku ndi tsiku ayenera kulekanitsidwa: mtundu, fuko ndi nzika. Mawu akuti mtundu timawagwiritsa ntchito pawiri. Pulezidenti akamayankhula pa wailesi timati akuyankhula ku mtundu wa Amalawi. Koma munthu akakufunsa kuti "Ndinu a mtundu wanji?" sayembekezera kuti muyankhe kuti ndinu Mmalawi, akufuna amve ngati ndinu Mlomwe, Myao, Mtumbuka, Msena kapena Mngoni. Fuko nalonso limayenda chimodzimodzi: pali fuko la Malawi, komanso pali fuko la Aphiri ndi la Abanda. Mawu onse awiriwa anachokera ku ubale wa magazi, ndipo tikamawagwiritsa ntchito pokamba za dziko lonse amabwera ndi maganizo akuti alipo eni ake enieni, ndiye pali obwera. Nzika ndi mawu a mtundu wina. Safunsa za agogo kapena za mpingo. Amanena za munthu ndi boma: zimene boma liyenera kumuchitira, ndi zimene iye ayenera kuchitira dziko. Mkangano uliwonse wokhudza chipembedzo ndi ndale umafika poti tisankhe ngati tikukamba za anthu monga a mtundu wakuti, a mpingo wakuti, kapena monga nzika.

Dr. Hastings Kamuzu Banda anali ndi yankho lake, ndipo analitcha umodzi. Unali woyamba pa ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe angatsutse kuti dziko latsopano linkafunika umodzi. Vuto linali tanthauzo limene mawuwa anapatsidwa, lakuti anthu onse afanane. Pa msonkhano waukulu wa chipani wa 1968 anagwirizana kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwereranso pa wailesi ulamuliro utasintha mu 1994. Ife amene timalemba ndi kuwerenga Chichewa tinapindula ndi chigamulo chimenecho, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kukumbukira kuti ena chinawapweteka.

Kamuzu yemweyo ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Komabe mu ulamuliro wake ndi mmene Akhristu anazunzidwa koopsa chifukwa cha chikhulupiriro. A Mboni za Yehova anakana kugula khadi la chipani, ponena kuti salowerera ndale. Mu 1967 boma linaletsa chipembedzo chawo. Mu 1972 anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, anachotsedwa ntchito, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi madera ena a ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Wina akamanena kuti mtsogoleri wopemphera ndiye chitetezo cha opemphera, ayambe wafunsa mabanja amene anagona m'tchire zaka zimenezo. Mipingo ikuluikulu nthawi imeneyo inakhala chete, ndipo ili ndi banga pa mbiri yake.

Kukhala chete kumeneko kunali ndi mawu ake okuikira kumbuyo, amene timawamvabe lero: atsogoleri a mipingo asalowerere ndale. Koma ndale n'chiyani? Ngati ndale ndi kupikisana kwa zipani pofuna mipando, n'zoona kuti guwa si malo ake. Ngati ndale ndi mmene dziko likuyendetsedwera, mtengo wa chimanga, mankhwala m'zipatala, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndiye mpingo wokhala chete wasankha kale mbali. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, anatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi awo onse tsiku limodzi. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a sukulu ndi zipatala, ndiponso mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno.

Tikaiwerenga bwino nkhani ya kalatayo, tiona kuti maepiskopi sanapemphe kuti Malawi akhale dziko la Chikatolika kapena la Chikhristu. Sanapemphere mpingo wawo mwayi wapadera. Anayankhulira nzika zonse, ndipo mphamvu ya kalatayo inagona pamenepo. N'chifukwa chake bungwe la Public Affairs Committee, limene linabadwa chaka chomwecho, linatha kusonkhanitsa Akatolika, masinodi a CCAP a Blantyre ndi Livingstonia, Aanglikani, Asilamu, maloya ndi amalonda pa tebulo limodzi. Sinodi ya Nkhoma, imene inali pafupi ndi Kamuzu, inaima patali. Pa riferendamu ya 14 Juni 1993 anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo mu Meyi 1994 dziko limene anthu ake ambiri ndi Akhristu linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala pulezidenti. Koma chisankho chomwecho chinaonetsa chilonda china. Muluzi anapeza mavoti ambiri kummwera, Kamuzu m'chigawo chapakati, Chakufwa Chihana kumpoto. Chimene chinagawa anthu sichinali tchalitchi ndi mzikiti ayi, koma zigawo ndi mawu aja akuti "wakwathu".

Malamulo aakulu amene tinalemba nthawi imeneyo satchula chipembedzo cha boma. Gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo la chipembedzo ndi chiyankhulo. Gawo 26 limalola aliyense kugwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha. Ili ndilo timati boma losatsamira chipembedzo chilichonse. Anthu ambiri akamva zimenezi amadzidzimuka, poganiza kuti akunena dziko lopanda Mulungu. Si choncho. Anthu ake angathe kupemphera usiku wonse, misonkhano ya boma n'kumatsegulidwa ndi pemphero, Khirisimasi ndi Idi n'kukhala masiku a tchuthi. Chimene boma lotere limakana ndi kusankhira anthu chikhulupiriro, kapena kuyesa unzika wa munthu ndi kumene amapemphera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, Akhristu anali 77 mwa 100 alionse ndipo Asilamu pafupifupi 14. Amene amafuna kuti titengere Zambia amaloza 77 uja. Ine ndimaloza Asilamu oposa 2 miliyoni, ambiri a iwo a ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, amene makolo awo analandira Chisilamu m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomweyo imene amishoni ankafika. Ndimafunsanso kuti Chikhristu chake chiti, popeza mpingo waukulu koposa, wa Katolika, uli ndi anthu 17 okha mwa 100 alionse, ndipo Asabata ndi Apentekosite sagwirizana ngakhale pa tsiku lopembedza.

Mu 2020 tinasankha m'busa, Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20. Maepiskopi a Katolika sanamuchitire manyazi chifukwa cha ubusa wake. M'makalata awo anadzudzula boma lake pa katangale ndi kukwera mtengo kwa zinthu monga anadzudzulira maboma a m'mbuyo. Anachita bwino.

Pali mawu enanso amene tinawalandira kuchokera kwa amishoni ndipo sitinawaunike mokwanira: chikunja. Pachiyambi akunja anali anthu amene sanalowe mpingo. Posakhalitsa chilichonse cha makolo, ng'oma, chinamwali, nsembe za mvula, chinayamba kutchedwa chachikunja, ngati kuti mwini mudzi ndiye wakhala wakunja. M'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi a Nyau analimbana kwambiri m'chigawo chapakati polimbirana ana, uku sukulu uku dambwe. Zinthu zasinthako. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 kuti asunge ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza monga chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Lero tili ndi Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a m'mayiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, tili ndi Umtheto ku Hora, Gonapamuhanya ku Rumphi ndi Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Miyambo imeneyi ndi yabwino, ndipo yabwezera ulemu ziyankhulo zimene zinkafa. Choopsa chimayamba pamene andale afika ndi maenvelopu n'kusandutsa bwalo la chikhalidwe kukhala malo owerengera mavoti. Amachita chimodzimodzi pa misonkhano yosonkhetsa ndalama zomangira matchalitchi.

Malo amene mawu onsewa amayesedwa kwenikweni ndi sukulu. Sukulu zambiri za m'dziko muno zinamangidwa ndi mipingo, koma aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma kuchokera ku misonkho ya aliyense. Nanga mwini wake ndani? M'chaka cha 2000 boma litafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana m'malo mwa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale, mipingo inakana mwamphamvu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala. Mu 2019 ku Balaka kunabuka ziwawa pa nkhani ya atsikana a Chisilamu ovala hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglikani. Katundu anawonongeka ndipo ana anakhala osaphunzira. Zinatengera zokambirana zotsogozedwa ndi Public Affairs Committee kuti mu 2021 mbali zonse zisainirane mgwirizano wololeza hijabu.

Pokamba nkhani zoterezi timakonda mawu akuti kulolerana. Ndi mawu okoma, koma ali ndi malire ake: wololera ndi amene ali ndi mphamvu, ndipo chimene walola lero angathe kuchikaniza mawa. Ufulu sudalira mtima wabwino wa wina. Ana a Chirasta anakhala zaka zambiri akubwezedwa pa zipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopota, limene kwa iwo ndi mbali ya chipembedzo. Makolo ankasankha pakati pa lumo ndi maphunziro a mwana. Arasta ndi ochepa, moti palibe chipani chimene chikanawanyengerera pofuna mavoti, ndipo analibe bungwe lamphamvu lowayankhulira. Anapita kukhoti monga nzika. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza anawo sukulu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo linalamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse sukulu zonse za boma kuti ziziwalandira ndi tsitsi lawo lomwelo.