Mmene nzeru zoyambira chess zinafikira ku Lichinga

Aliyense amene waphunzitsapo ana chess, imene kuno ku Lichinga timaitchula kuti xadrez, amadziwa kuti masewero ambiri amaonongeka koyambirira kwenikweni. Mayendedwe khumi oyamba ndiwo amaika munthu pabwino kapena pamoto. Nzeru za mayendedwe amenewa zili ndi mbiri ya zaka zoposa 500, ndipo ife a ku Niassa takhala tikuzilandira mochedwa mpaka posachedwapa.

Limodzi mwa mabuku akale a chess analilemba Mpwitikizi, Pedro Damiano wa ku Odemira, ndipo linasindikizidwa ku Rome mu 1512. Chenjezo lake lina ndimaliikabe pa bolodi mwana aliyense akangofika. Woyera akankha kamsilikali pa e4, wakuda ayankha e5, kavalo alumphira pa f3, wakuda n'kuteteza ndi f6. Pamenepo kavalo amadya pa e5 mosaopa. Wakuda akamudya, mfumukazi imafika pa h5 n'kuopseza mfumu; akatchinga ndi g6, imadya pa e5 n'kuopsezanso, kenako imatola nsanja ya pa h8. Damiano anati njirayi ndi yoipa, koma mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Mu 1561 wansembe wa ku Spain, Ruy López de Segura, analemba buku lake, ndipo kuyamba koika bishopu pa b5 kunatenga dzina la iyeyo.

Kwa zaka mazana ambiri nzeru zimenezi zinkayenda papepala. Mu 1966 ku Belgrade anayamba kusindikiza Šahovski Informator, ndipo kuyambira 1974 anatulutsa mabuku osanja njira zonse zoyambira m'magulu 500, kuchokera pa A00 kufika pa E99. Nthawi imeneyo tauni yathu inkatchedwa Vila Cabral. Inakhazikitsidwa mu 1931, ndipo njanji yochokera ku Cuamba inafika mu 1969. Ufulu utabwera mu 1975, posakhalitsa kunabuka nkhondo imene inatha mu 1992. Sitima inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo wokwera ankanyamula mchere ndi sopo. Buku la chess akanalinyamula ndani?

Ine ndinaphunzira kwa aphunzitsi ena amene anali ndi buku limodzi la Chipwitikizi lothothoka chikuto. Madzulo a mu June, kuzizira kwa kuno kutalimba, tinkakopera mayendedwe m'makope, zala zitauma: C wa kavalo, B wa bishopu, D wa mfumukazi. Zimene bukulo linanena zinali lamulo. Tinalibe woti atiuze kuti kunja akatswiri anazisintha kalekale.

Ndipo ankazisinthadi. Mu 2000 ku London, Vladimir Kramnik anafukula njira yakale yotchedwa Berlin, yoyankhira Ruy López, imene ambiri ankaiona ngati yofooka. Pa kuyenda kwachisanu ndi chitatu mafumukazi amachoka pa bolodi, mfumu yakuda n'kutsala pakati. Garry Kasparov analephera kuiboola, sanapambane masewero ngakhale amodzi, ndipo anataya ukatswiri wa dziko lonse. Mu December 2017 pulogalamu ya AlphaZero, imene inadziphunzitsa yokha, inasewera ndi pulogalamu inzake ya Stockfish maulendo 100: inapambana 28, enawo anafanana mphamvu. Akatswiri anaona AlphaZero ikukankha kamsilikali ka m'mphepete, h4 kenako h5, molawirira, zimene aphunzitsi athu akanatikalipira nazo. Mu 2023 ku Astana, Ding Liren anasewera h3 pa kuyenda kwachinayi polimbana ndi Ian Nepomniachtchi, pofuna kumuchotsa pa zimene anakonzekera ndi kompyuta. Masewero amenewo anagonja, koma mpikisano wonse anapambana. Masiku ano katswiri safunanso kuyenda kwabwino koposa kokha. Amafuna kumene mnzakeyo sanakuwerenge.

Lero mnyamata wa ku sekondale kuno ali ndi mapulogalamu a Stockfish ndi Lichess m'foni, aulere, bola akhale ndi intaneti. Zimene asewera ku Europe masana, iye amaziona madzulo. Mtunda umene unkatitsekereza watha, ndipo ine ndikukondwa nazo kwambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kuloweza. Ndimaona mwana akuyendetsa njira ya London System mofulumira, d4, bishopu pa f4, e3, c3, osayang'ana n'komwe zimene mnzake wachita. Mnzakeyo akangopatuka pa zimene analoweza, dzanja limaima m'malere. Bobby Fischer analiona vutoli pakati pa akatswiri, n'chifukwa chake mu 1996 ku Buenos Aires analengeza mtundu wa chess umene zida za kumbuyo zimasanjidwa mwamaere, m'njira 960, kuti woloweza asowe pogwira. Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anayambitsidwa chess ndi mkulu wake, anafika pa udindo wa Grandmaster mu 2009 atakulira m'nthawi imene kunalibe mapulogalamuwa m'mafoni.

Choncho zimene tikusowa ku Niassa zasintha. Mabuku sitikuwasowanso. Tikusowa mabolodi m'sukulu, mawotchi a mpikisano, ndi mipikisano yokhazikika yoti mwana wa ku Lichinga azikumana ndi wa ku Cuamba, Mandimba kapena Metangula maso ndi maso. Tikusowanso akuluakulu okhala pansi ndi ana masewero akatha, kubweza zida pamalo, n'kufunsa pa kuyenda kulikonse kuti, "Apa unkafuna chiyani?" Mwana wotha kuyankha funso limeneli ndi amene foni ingamuthandize.